Irving Babbitt ndi mabuleki a mumtima

Dzina la Irving Babbitt ndalidziwa chaka chomwe chino, koma chilidziwireni silikuchoka pakamwa panga. Ndinakumana nalo m'buku la mbiri ya mlakatuli T. S. Eliot. Mlembi wa mbiriyo atafika pa zaka zimene Eliot anali pa yunivesite ya Harvard, anatchula mphunzitsi wina wa mabuku a Chifalansa amene mnyamatayo analowa m'kalasi mwake mu 1909. Anati ngakhale Eliot anadzatsutsana naye poyera atakula, maganizo a mphunzitsiyo sanamusiye. Ndinadzifunsa kuti, kodi ndi mphunzitsi wotani amene munthu wanzeru ngati Eliot angamalimbane naye mumtima zaka zonsezo? Mwayi wake mabuku a mkuluyu ndi akale, ali pa intaneti, aulere. Ndinatsegula lina la mu 1919, lotchedwa Rousseau and Romanticism, n'cholinga chongolawa mutu woyamba. Sindinalisiye mpaka tsamba lomaliza, ndipo nditalitseka ndinayamba kusaka anzake.

Chimene chinandigwira poyamba ndi moto umene uli m'mawu ake. Ndawerengapo ozukuta mabuku ambiri amene amagwira ndakatulo ndi nsonga za zala, kuitembenuza uku ndi uku, kuyamikira kalukidwe ka mawu, n'kuibwezera pamalo pake. Babbitt sachita zimenezo. Kwa iye buku ndi chinthu chimene chimalowa mwa munthu n'kukamuumba, ndiye funso lake limakhala lomweli nthawi zonse: munthu akameza zimene bukuli likunena zokhudza moyo, adzakhala munthu wotani? Adzakhala mwamuna wotani kwa mkazi wake, mtsogoleri wotani kwa anthu ake? Funsoli amawafunsa alembi amene dziko limawagwadira, monga Wordsworth, Shelley, Victor Hugo ndi Chateaubriand, ndipo saopa kunena kuti apa mkulu uyu wasokera. M'ndime imodzi yokha amatha kuchoka kwa Aristotle, kudzera kwa Confucius, kuima pang'ono kwa Buddha, n'kukatulukira kwa Goethe, onsewo akuwaitanitsa kuti adzaperekere umboni pa mlandu umodzi. Ndinali ndisanaonepo munthu wowerenga motere, ngati kuti moyo wa wina ukudalira yankho lake.

Nditafufuza za moyo wake ndinayamba kumvetsa kumene motowo unachokera. Anabadwira ku Dayton, m'chigawo cha Ohio, pa 2 Ogasiti 1865. Bambo ake, Edwin Dwight Babbitt, anali munthu wa zoyesayesa: ankakhulupirira zolankhula ndi mizimu ya akufa, ankatinso matenda angachizike ndi kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana, ndipo mu 1878 anatulutsa buku lalikulu lofotokoza zimenezi. Mayi ake anamwalira Irving ali ndi zaka 11. Anakulira uku ndi uku. Anagulitsako nyuzipepala m'misewu ya New York, anagwirako ntchito pa famu ku Ohio, anawetako ng'ombe ku Wyoming, analembako nkhani za kupolisi m'nyuzipepala ya ku Cincinnati. Ine ndikuona kuti mwana wokula chotere sanamizika msanga ndi mawu ozuna. Anali ataona kale, m'nyumba ya bambo ake omwe, kuti mawu okoma onena za chikondi, kuwala ndi machiritso sachedwa kutuluka pakamwa.

Analowa Harvard mu 1885, namaliza mu 1889. Anakaphunzitsa Chigiriki ndi Chilatini kwa zaka ziwiri pa koleji ina yaing'ono ku Montana, ndipo ndalama zimene anasunga anapita nazo ku Paris kukaphunzira ziyankhulo zakale za ku India, Sanskrit ndi Pali, kwa katswiri Sylvain Lévi. Atabwerera ku Harvard mu 1892 anapitiriza maphunzirowo kwa Charles Lanman, m'kalasi ya anthu awiri okha. Wachiwiriyo anali Paul Elmer More, amene anadzakhala mkonzi wa magazini ya The Nation kuyambira 1909 mpaka 1914. Ubwenzi wa awiriwa, umene unayambira pa malemba akale a ku India, ndiwo unabala gulu limene linadzatchuka ndi dzina lakuti New Humanism. Gululi linkati pozukuta mabuku, pokonza maphunziro ngakhalenso pa ndale, muyezo uzikhala umunthu, chimene chimamusiyanitsa munthu ndi nyama komanso ndi makina.

Mtima wa Babbitt unali pa Chigiriki ndi Chilatini, koma ntchito imene Harvard inamupatsa mu 1894 inali ya Chifalansa. Anakhala nthawi yaitali pa udindo wapansi, akuphunzitsa oyamba kumene ndi kuchonga mapepala, ndipo upulofesa wathunthu anadzaupeza mu 1912. Digiri ya PhD analibe. Buku lake loyamba, Literature and the American College, linatuluka mu 1908 ali ndi zaka zopitirira 40, ndipo linalasa amene ankamulipira. Mtsogoleri wa Harvard kuyambira 1869 mpaka 1909, Charles W. Eliot, amene si mlakatuli uja, anali atamasula ophunzira kuti aliyense azidzisankhira maphunziro amene afuna. Babbitt anati kutero n'kumuuza mnyamata wa zaka 18 kuti zokonda zake za lero zikuposa nzeru zimene mibadwo yambiri inasefa. Sanawasiyenso aphunzitsi anzake amene anatengera kafukufuku wa ku Germany, ofukula kumene mawu anachokera ndi kumene mlembi anabwereka nthano yake, koma osafunsa n'komwe ngati m'bukumo muli nzeru.

M'buku lomwelo anatchula makolo awiri a matenda a nthawi yathu. Woyamba ndi Francis Bacon wa ku England, amene analonjeza kuti sayansi idzapatsa munthu mphamvu pa chilengedwe. Wachiwiri ndi Jean-Jacques Rousseau wa ku Geneva, amene anaphunzitsa kuti mtima ukalakalaka chinthu, utsateni, sunama. Kuwaona patali ngati adani, wina wa makina, wina wa misozi. Babbitt anati ndi pachibale, chifukwa onse awiri akuyang'ana kunja, onse akufuna kuti munthu afutukuke, ndipo palibe amene akumuuza kuti adzilamulire. Amakumbutsanso kuti Bacon yemweyo, amene ankafuna kulamulira chilengedwe chonse, anachotsedwa pa udindo mu 1621 chifukwa cholandira ziphuphu.

Koma mdani wake weniweni, amene analimbana naye moyo wonse, anali Rousseau, ndipo malo amene ndinawakonda koposa ndi pamene amatitengera pa msewu wochoka ku Paris kupita ku Vincennes mu 1749. Rousseau, asanatchuke, ankayenda wapansi kukazonda mnzake Denis Diderot amene anali m'ndende kumeneko. Dzuwa linali likuswa mtengo. Anali atanyamula magazini ya Mercure de France, ndipo akuiwerenga m'njira anaona chilengezo cha mpikisano wa bungwe la ophunzira la ku Dijon, chofunsa ngati kupita patsogolo kwa sayansi ndi luso kwathandiza kuyeretsa makhalidwe a anthu. Mwini wake anadzasimba kuti mutu unazungulira, anadzigwetsa pansi pa mtengo, ndipo podzuka anapeza chovala chake chanyowa pachifuwa ndi misozi imene sanadziwe kuti akukhetsa. Chimene chinamutsikira pamenepo ndi ichi: munthu mwachibadwa ndi wabwino, chimene chimamuipitsa ndi malamulo ndi makonzedwe amene anthu anakhazikitsa. Babbitt ankayerekeza msewu umenewu ndi uja wa ku Damasiko umene unatembenuza Paulo.

Iye amati pansi pa mtengo umenewu nkhondo inasamutsidwa. Kuyambira kale, Agiriki, Akhristu, Abuda ndi otsatira Confucius ankasiyana pa zambiri, koma pa chimodzi ankagwirizana: kulimbana kwa chabwino ndi choipa kumachitikira m'chifuwa cha munthu aliyense. Rousseau anaitulutsa nkhondoyo panja. Tsopano wabwino ndine, woipa ndi dziko, boma, mpingo, olemera, aliyense kupatula ine. Uthenga wotere umakoma kuumva, n'chifukwa chake unafala msanga. Ndipo Babbitt salola kuti tiiwale kuti mwini uthengawo anabereka ana asanu ndi Thérèse Levasseur, onse n'kukawasiya ku nyumba yolerera ana otayidwa, kenaka mu 1762 n'kutulutsa Émile, buku lophunzitsa dziko kaleredwe ka mwana.

Nditafika apa ndinaika foni pansi, ndinakhala kaye chete. Malamulo oipa alipo, ndipo amene anagwetsa ukapolo ndi utsamunda ndi ngwazi. Pamenepo Babbitt sangandisunthe. Koma funso lake silichoka: mukagwetsa makonzedwe oipawo, atsopanowo adzayendetsa ndani, ndipo iyeyo akudziyendetsa bwanji? Tonse tinamuonapo munthu amene amakhetsa misozi yeniyeni akamalankhula za amphawi pamsonkhano, pamene wantchito wa pakhomo pake akudikira malipiro a miyezi ingapo. Sikuti akunamizira, chisonicho akuchimvadi. Chungokhala kuti chisoni cha pa mtundu wonse wa anthu sichimudya kanthu, pamene chilungamo cha kwa munthu mmodzi amene waima pakhomo chimafuna kuti adzimane. Babbitt anasiyanitsa anthu awiriwa momveka kuposa aliyense amene ndamuwerengapo: wina amafuna kukonza dziko lonse, wina amayamba n'kudzikonza yekha, ndipo wachiwiriyu ndiye amene iye ankati ali ndi umunthu.

Pakati penipeni pa chiphunzitso chake pali kudziletsa. Masiku amenewo katswiri wa ku France, Henri Bergson, anali atatchuka ndi mfundo yakuti m'zamoyo zonse muli mphamvu imene imazikankhira patsogolo. Babbitt anavomera kuti mphamvuyo ilipo, koma anati mwa munthu mulinso ina, imene anaitcha mabuleki amoyo. Ndi kampata kaja kamene kamakhala pakati pa kulakalaka ndi kuchita, pamene munthu amatha kunena kuti dikira kaye. Adani ake ankati chimenechi n'chiphunzitso cha ayi, cha anthu oopa moyo. Ine sindinachimve choncho. Aliyense amene anatsikapo mtsetse pa njinga yonyamula matumba amadziwa kuti mabuleki sadana ndi ulendo, ndiwo amakufikitsa. Ndipo kwa Babbitt kudziletsa ndi ntchito, ntchito yolemera kuposa zonse, yochitikira m'kati mmene anthu saona. Apa ndi pamene maphunziro ake a Pali amaonekera. Ankakonda kunena kuti kwa Buddha tchimo lalikulu ndi ulesi wa mumtima, kungodzisiya kuti zilakolako zikutengere kulikonse, ndipo munthu akhoza kukhala wotanganidwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, kumanga mafakitale ndi njanji, koma m'kati ali mlesi wotheratu.

Mungafunse kuti zimenezi zikukhudzana bwanji ndi ndakatulo ndi nkhani zopeka. Babbitt sankadana ndi maso a m'maganizo amene mlembi amaonera zinthu zimene kulibe. Ankati ndiwo amalamulira anthu. Koma ankati masowo ali pawiri. Ena amathawira ku dziko la maloto, kumene kulibe ntchito, kulibe malire, kulibe mawa. Ena amayang'ana moyo mmene ulili n'kuona chimene chimagwirizanitsa anthu a mibadwo yonse, monga amachitira Sophocles kapena Dante. Maloto pa okha sankawaletsa, munthu amafunika kupuma. Chimene ankakana ndi kutenga malo opumirawo n'kuwasandutsa chipembedzo kapena ndale.

Mitu ya m'buku la Rousseau and Romanticism yonena za chikondi ndi chisoni cha alembi a m'nyengo ya Romanticism ndiyo inandidzidzimutsa kwambiri. Amatenga Werther, mnyamata wa m'buku la Goethe la mu 1774 amene anadziwombera chifukwa cha mkazi wa mwini, ndi René wa m'buku la Chateaubriand la mu 1802, amene anayendayenda mpaka kukafika ku nkhalango za America osapeza chomukhutitsa. Amaonetsa kuti anyamata otere sakonda munthu amene ali patsogolo pawo. Amakonda mmene iwo akumvera. Mkaziyo amangokhala poyambira maloto, ndipo akanapezeka, malotowo akanasamukira kwina. Amaonetsanso kuti chisoni chawocho amachinyadira, amachiyesa umboni wakuti iwo ndi apamwamba kuposa anthu wamba amene amadya n'kugona bwino. Ndinazindikira kuti nyimbo zambiri zachikondi zimene ndakhala ndikumva, ndi mafilimu ambiri amene ndaonera, ndi zidzukulu za Werther. Buku la Babbittli linatuluka zaka zoposa 100 zapitazo, koma likunena za zinthu zimene zili m'foni mwanga.

Amene anakhala m'kalasi mwake anasiya umboni wokoma. Ankalowa atanyamula chikwama chobiriwira chodzaza mabuku ndi timapepala, n'kukhuthulira zonse patebulo, n'kuyamba kulankhula asanakhazikike n'komwe. Mayina a alembi ankatuluka motsatizana kwambiri moti ophunzira ankabetcherana kuti lero atchula angati. Ena ankaseka kuti asanagone amasuzumira kunsi kwa bedi kuona ngati Rousseau sanabisaleko. Koma osekawo ankabwerabe, ndipo kalasi imene inayamba ndi anthu owerengeka inadzakhala yodzaza. Munadutsa T. S. Eliot, Walter Lippmann, Van Wyck Brooks, Stuart Sherman, Norman Foerster, Austin Warren. Ena anamutsata, ena anamupandukira, koma ochepa anatuluka mmene analowera.

Nkhani imene sindinkaiyembekezera, imenenso inandikondweretsa kuposa zonse, ndi ya ophunzira ake a ku China. Mei Guangdi anafika kwa iye mu 1915, Wu Mi mu 1918, ndipo panabweranso Tang Yongtong ndi Liang Shiqiu. Kwawo nthawi imeneyo kunali chipwirikiti. Dziko lawo linali litachititsidwa manyazi ndi maiko a azungu komanso Japan, ndipo achinyamata ophunzira, makamaka pambuyo pa zionetsero za pa 4 Meyi 1919, ankati gwero la kufooka konse ndi Confucius ndi miyambo yakale. Zonsezo zitayidwe, kubwere sayansi ndi demokalase. Hu Shi, wophunzira wa katswiri wa ku America John Dewey, anali mmodzi wa otsogolera maganizo amenewa, ndipo Dewey mwini anayendayenda m'China akukamba kuyambira 1919 mpaka 1921. Ndiye tangoganizani mnyamata wochokera kumeneko, atawoloka nyanja kudzafuna nzeru za azungu, n'kupeza pulofesa wa ku Harvard akumuuza kuti: sayansi tengani, mukuifunikadi, zowola za kwanu chotsani, koma musataye Confucius, pakuti zimene ananena pa za kudzilamulira zikugwirizana ndi za Aristotle, ndipo ife a kuno tikuzisowa monga inu. M'zaka zimene azungu ambiri ankaona anthu a maiko ena ngati ana ofunika kuphunzitsidwa, munthu uyu ankaika makolo a ophunzira ake pampando umodzi ndi Agiriki. Chimenechi chinandikhudza kwambiri.

Mei, Wu ndi anzawo atabwerera kwawo anayambitsa magazini ya Xueheng ku Nanjing mu Januwale 1922. Kope loyamba linali ndi zithunzi za Confucius ndi Socrates. Magaziniyo inatuluka maulendo 79 mpaka 1933, Wu Mi ndiye ankaikonza, ndipo ankamasuliramo zolemba za mphunzitsi wawo. Pa chinthu chimodzi sindili nawo: ankaumirira kulemba m'Chitchaina chakale cha m'mabuku, pamene Hu Shi ankati anthu alembe mmene amalankhulira. Ine amene ndikulemba m'Chichewa sindingaime mbali ina koma ya Hu Shi, ndipo mbiri inagamula mokomera iye. Mlembi wamkulu Lu Xun anawanyoza kwambiri a Xueheng, ndipo pambuyo pake anakangana kwa zaka ndi Liang Shiqiu pa funso lakuti, kodi mabuku amaonetsa chibadwa chimene anthu onse ali nacho, kapena amangoonetsa gulu limene mlembi akuchokera, la olemera kapena la antchito? Liang ameneyu anasimba kuti analowa m'kalasi ya Babbitt mu 1924 ndi mtima wofuna kumutsutsa, koma anatuluka atatembenuka. Ndi yemweyu amene anadzamasulira masewero onse a Shakespeare m'Chitchaina, ntchito imene anaimaliza mu 1967 ali ku Taiwan. Wu Mi anatsala ku China, anazunzidwa kwambiri m'nthawi ya Cultural Revolution, namwalira mu 1978.

Kwawo ku America, Babbitt ndi More anakhala zaka zambiri akulankhula ngati okha, mtolankhani H. L. Mencken akuwagenda m'magazini kuti ndi nkhalamba zodana ndi chisangalalo. Kenaka mwadzidzidzi, mu 1930, dziko lonse la mabuku linatembenukira kwa iwo. Norman Foerster anasonkhanitsa nkhani za a gululi m'buku lotchedwa Humanism and America. Chaka chomwecho C. Hartley Grattan anatulutsa lowayankha, The Critique of Humanism, mmene munalemba Edmund Wilson, Malcolm Cowley, Allen Tate, Kenneth Burke, Lewis Mumford ndi ena. M'mwezi wa Meyi anthu pafupifupi 3,000 anasonkhana mu Carnegie Hall ku New York kudzamvera Babbitt akutsutsana ndi Carl Van Doren ndi Henry Seidel Canby. Anthu zikwi zitatu, kudzamvera mtsutso wa kazukutidwe ka mabuku! Mu Disembala, Sinclair Lewis, polandira mphoto ya Nobel ku Stockholm, anapatula nthawi kuti awadzudzule. Ernest Hemingway naye anawaseka m'buku lake la mu 1932, Death in the Afternoon. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo Babbitt sanalewe.

Koma nthawi inali itamutembenukira. Chuma cha America chinagwa mu Okutobala 1929, anthu mamiliyoni anachotsedwa ntchito, ndipo munthu amene waima pamzere wodikira chakudya sungamuuze kuti vuto lake ndi kusadziletsa. Alembi achinyamata anatembenukira kwa Marx. Ku mbali inayo, T. S. Eliot anali atalemba kale mu 1928 nkhani yotchedwa The Humanism of Irving Babbitt, yofunsa ngati kudziletsa kotere kungaime kokha popanda chipembedzo chochirikiza. Funsoli ndi lolemera, ndipo More yemwe anatsirizira ku Chikhristu. Babbitt sankanyoza chipembedzo, koma ankafuna maziko amene Mkhristu, Mbuda ndi wosapembedza angaimepo limodzi, ongofuna kuti munthu adziyang'ane moona mtima. Ndikamaganiza za midzi ndi matauni kumene anthu a zikhulupiriro zosiyana amamwa pa mjigo umodzi, ndimaona kuti chimene ankafunacho sichinali chopusa. Anamwalira pa 15 Julayi 1933 ku Cambridge, Massachusetts, ndipo gululo silinakhalitse iye atapita.

Pali zina mwa iye zimene zimandipweteka, ndipo chifukwa ndamukonda zimandipweteka kwambiri. Alembi amoyo a m'nthawi yake sankawamva. Theodore Dreiser, amene analemba za anyamata osauka ophwanyidwa ndi mzinda, iye anangomuona ngati wovutitsa owerenga popanda phindu. More ananena zoposa apo, anayerekeza Manhattan Transfer ya John Dos Passos ndi kuphulika kwa dzenje la zonyansa. M'zaka zimene Joyce, Faulkner ndi Virginia Woolf ankalemba, gulu limene linkati likuteteza mabuku abwino silinaloze buku latsopano lalikulu n'kunena kuti ili ndilo tikunena. Ngakhale kwa akufa, Babbitt nthawi zina amaweruza ndakatulo ngati ndi ulaliki, osamva nyimbo yake. Ndipo m'buku lake la ndale la mu 1924, Democracy and Leadership, muli chiganizo chimene ndikanakonda chikanapanda kulembedwa, chonena kuti zinthu zitafika poipa America ingadzadziyese yamwayi kupeza munthu wonga Mussolini kuti aipulumutse kwa munthu wonga Lenin. Anachilemba ngati chenjezo la kumene demokalase yosadziletsa imathera, komabe n'cholemera, makamaka tikakumbukira kuti Seward Collins, mkonzi amene anakweza kwambiri gululi m'magazini ya The Bookman, anadzayamba kuyamikira ulamuliro wa mtundu wa Mussolini poyera.

Chodabwitsa n'chakuti buku lomwelo ndi limene lili ndi masamba ake amphamvu kwambiri otsutsa kupondereza maiko ena. Amati mtundu wa anthu uli ngati munthu: ukapanda chouletsa m'kati umafutukukira pa anzake, ndipo umatero uku ukudzitcha wachifundo, wobweretsa chitukuko. Anachenjeza dziko lake lomwe kuti likhoza kudziona ngati la zolinga zoyera pamene oyandikana nalo akuona dzanja lolanda. Ankati vuto la chuma ukalitsata limakufikitsa ku ndale, la ndale limakufikitsa ku funso lakuti munthu n'chiyani, ndipo limenelo limakufikitsa pakhomo pa chipembedzo. Mtsogoleri amene ankamufuna ndi amene anayamba wadzigonjetsa yekha, ndipo ankatchula George Washington monga chitsanzo. Ndi maganizo amenewa amene Russell Kirk anadzawatola mu 1953 m'buku lake The Conservative Mind, n'kumuika Babbitt pakati pa makolo a osunga mwambo a ku America. Harvard nayo inadzakhazikitsa mpando wa upulofesa wa dzina lake mu 1960, ndipo woyamba kuukhala anali Harry Levin.

Ntchito yake yomaliza kutuluka imene ndaigwira ndi yaing'ono: kumasulira kwake kwa Dhammapada, mavesi 423 a chiphunzitso cha Buddha, kuchoka m'Pali kupita m'Chingerezi. Inasindikizidwa mu 1936, iye atamwalira, pamodzi ndi nkhani yake yonena za Buddha ndi maiko a azungu. Pulofesa wa Chifalansa, amene anthu ankamudziwa ndi mikangano, anali atasunga chiyankhulo chimene anaphunzira ku Paris ali mnyamata kwa zaka makumi anayi, akubwererako mwakachetechete. M'menemo mawu ake ndi ofatsa, ndipo ndi mmene ndinaonera bwino kuti kulimbana konse kuja kunali kofuna mtendere wa mumtima, osati kupambana mtsutso.

Pakadali pano ndili pakati pa Confessions ya Rousseau, imene ndinali ndisanaitsegulepo. Babbitt ndiye wandituma. Amamutchula mdani wakeyo kawirikawiri, momudziwa bwino chotero, moti sungathe kupirira osakadzionera wekha. Ndapeza munthu wokondeka kuposa mmene mphunzitsi wa ku Harvard anandiuzira, wolemba mokoma moti umamukhululukira usanaganize. Ndafika pamene akusimba za riboni imene anaba ali mnyamata wantchito ku Turin, n'kunamizira mtsikana wophika dzina lake Marion, onse awiri n'kuchotsedwa ntchito. Akuti chikumbumtima chinamuvutitsa moyo wonse, ndipo ndikumukhulupirira. Koma akutinso mumtima mwake munalibe choipa, anatchula mtsikanayo chifukwa ndi amene ankamuganizira. Ndawerenga tsamba limenelo mobwerezabwereza, ndipo nthawi iliyonse ndimafuna kudziwa kumene Marion anakapeza ntchito ina atachotsedwa ndi mbiri ya kuba.